Kalata Imene A Zuze Anafufuta

Ndinachotsetsa ntchito bambo wachikulire amene sanandilakwire kalikonse, ndipo mpaka lero iwo sakudziwa kuti amene anawakankhira m'dzenje ndine. Sindinawabere, sindinawanamizire mlandu, sindinawakhudze n'komwe. Ndinangowerenga zinthu zimene sizinali zanga, kenako n'kutsegula pakamwa. Inu owerenga, makamaka inu amene mumagwiritsa ntchito kompyuta imodzi ndi anzanu kuntchito, kusukulu kapena kutchalitchi, ndikukupemphani mundimvere kaye mpaka kumapeto. Kunditukwana munditukwana ndithu, ndipo ndikuyenera, koma muyambe mwamva.

Ine ndine wa konkuno kunyanja, Mtonga wobadwira pompano, ndipo ndimagwira ntchito polandirira alendo pa loji ina pakati pa Chintheche ndi Kande. Dzina la lojiyo sinditchula. Ntchito yanga yaikulu ndi kuyankha maimelo a alendo. Uyu akufuna chipinda, uyu akufunsa ngati msewu umapitika nthawi ya dzinja, winayu akufuna kudziwa ngati m'nyanjamu muli ng'ona. Chingerezi cha pakamwa ndimachitha, alendo ndimaseka nawo mpaka misozi. Koma cholemba, abale anga, chinkandivula. Eni lojiyo ndi mayi wachizungu amene tonse timangowatcha Madamu. Amakhala kwawo miyezi yambiri pachaka n'kumatiyendetsa pa imelo. Tsiku lina anandibwezera imelo imene ndinalembera mlendo atazunguliza mawu onse olakwika, pansi n'kulembapo kuti mlendo akawerenga zoterezi amaganiza kuti ndi zipinda zomwe sitisesa. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ine ndine munthu wosakonda kuoneka mbuli.

Pulogalamu imene timatsegulira masamba a pa intaneti, ija timati bulawuza, imabwera ndi kachoona masipelo kakekake. Ukalemba mawu molakwika kamadula kamzere kofiira kunsi kwake. Koma ine ndinkaona kuti n'kosakwanira, chifukwa chiganizo chonse chikapindika sikankanena kanthu. Mlendo wina amene anagona pa loji pathu masiku atatu ndiye anandionetsa kachida kena kaulere kongophatikiza pa bulawuza. Kameneko kankakonza masipelo, kuwongola ziganizo, ngakhale kukuuza kuti apa walankhula mwamwano, tafewetsa pang'ono. Ndinakaika pa kompyuta ya mu ofesi tsiku lomwelo. Pokaika panabwera funso loti kodi ndikukalola kuti kaziwerenga chilichonse cholembedwa pa masamba onse amene atsegulidwe. Ndinangodina kuvomera. Kodi alipo amawerenga zimenezija? Ndinatsegula akaunti m'dzina langa, ndipo ndinakaikanso mu foni yanga ndi akaunti yomweyo kuti ndiziyankha alendo ngakhale ndili kunyumba.

Kunena zoona kanandithandiza. Pasanathe mwezi Madamu analemba kuti Chingerezi changa chasintha, ndipitirize. Ndinkayenda pa lojipo ngati ndatsika ndege dzulo kuchokera ku Mangalande. Sindinauze aliyense chinsinsi changa, ndinkangoti ndikuwerenga mabuku.

Tsono kompyuta imeneyo sinali yanga ndekha. Netiweki pa loji pathu imagwira bwino mu ofesi mokha, ndiye Madamu analola kuti masana alendo akatha kudya, antchito onse azitha kulowa n'kulemba maimelo awo. Alonda, amayi oyala m'zipinda, anthu a kukhitchini, onse ankabwera mmodzimmodzi. Ena ankalembera abale awo ku Joni, ena kusukulu za ana awo. Ambiri mwa iwo ndine ndinawatsegulira maimelowo ndi kuwaphunzitsa podina. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa kuti pa bulawuza paja pali kachida kanga, ndipo inenso sindinaganize kuti n'kofunika kuwauza.

Ndinatulukira zimene kankachita tsiku lina ndili mu minibasi pa Chintheche, tikudikira kuti idzaze. Posowa chochita ndinatsegula kachidako mu foni n'kulowa mbali ina imene ndinali ndisanalowemo, yosungira zolemba zakale. Ndinapezamo maimelo anga, zimenezo sindinadabwe. Koma pakati pake panali kalata imene sindinalembe ine. Inali ya mlonda wathu wina, yofunsira ntchito pa loji ina. Pansi pake panali ya mayi wina wa m'zipinda, yolembera amuna awo m'Chitonga. Kachidako Chitonga sikadziwa, kanangofiiritsa kalata yonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, koma kusunga kanasunga. Ndipo sikankasunga zotumizidwa zokha. Munthu akalemba n'kufufuta, zofufutazo kankazisiya pambali kuti mwina mwini wake angadzazifunenso. Mwini wake, malinga ndi kachidako, ndinali ine.

Inu owerenga, apa ndi pamene munthu wabwino akanatsika minibasi, kubwerera ku ofesi n'kukachotsa kachidako, kapena kuwachenjeza anzake. Ine ndinawerenga mpaka ku Nkhata Bay, pobwerera n'kuwerenganso. Mawa lake ndinati ndingoonako kamodzi kokha. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Inasanduka ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Ndinkadziwa amene ali ndi pakati asanauze amayi ake, ndinkadziwa amene mwana wake walephera mayeso. Sindinkaulula poyera, ayi, ndinkangoponya timawu ta m'mbali kuti munthu adzidzimuke, ine n'kumaseka. Anzanga anayamba kunena kuti ndili ndi maso anayi. Ndikuchita manyazi kunena kuti dzina limenelo linkandikomera.

Tsopano ndikuuzeni za a Zuze. A Zuze anali khukhi wamkulu wa pa loji. Kwawo ndi ku Chikwawa, koma anabwera kuno ali mnyamata potsatira bambo awo amene ankakama mphira pa esiteti. Anayamba kuphika pa lojiyo idakali tinyumba ta udzu, zaka zoposa makumi awiri zapitazo. Ankakhala ndi akazi awo m'nyumba ya antchito kuseri kwa khitchini, ndipo nyumba imeneyo inkayenda ndi ntchito. Kuno analibe munda, analibe malo, ndipo ku Chikwawa anali atachokako kalekale moti akanafika ngati mlendo. Ntchito ija ndiyo inali mudzi wawo. Ine ankandikonda. Ankanditcha Kalaliki, ndipo akaphika kampango mutu wake ankandibisira m'mbale yovindikira. Ine ndinkawaitana ada, monga timaitanira akuluakulu kwathu kuno.

Pa kompyuta ankalemba ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno, ndipo mizere itatu inkawatengera ola lathunthu. Tsiku lina ndinawaseka kuti ada, anthu akudikira, kodi mukulemba buku? Anandiuza kuti iwo kalata amalemba kawiri. Amayamba alemba za mumtima, zonse zimene zawapsetsa mtima, osasiyako, kenako amafufuta n'kulemba za m'mutu. Anati kale ankatero papepala, akamaliza pepala loyambalo n'kuliponya m'ng'anjo ya kukhitchini, ndipo ndi chifukwa chake sanayambanepo ndi bwana zaka zonsezi. Anayamikira kompyuta kuti yawachepetsera ntchito, chifukwa ungodina batani basi zonse zapita. Ndinaseka nawo ndikudziwa bwinobwino kuti sizipita.

Manijala wathu ndi a Mhone, munthu wa kwathu konkuno, timapemphera mpingo umodzi. Iwo ndi a Zuze sankamwerana madzi. A Zuze anayamba ntchito a Mhone asanabwere, Madamu ankawamvera, ndipo a Zuzewo anali munthu wosabisa mawu akaona chokhota. Chaka chimenecho abale a a Zuze anakonza zomanga chiliza cha amayi awo ku Chikwawa. Pa maliro enieniwo a Zuze sanapezekepo chifukwa uthenga unawapeza mochedwa ndipo njira ndi yaitali. Iwo ndiwo anali oyamba kubadwa, ndiye ulendo uno sakanalephera. Anapempha masiku asanu. A Mhone anakana, ati sabata imeneyo kukubwera malole awiri a alendo oyenda m'magulu aja, khitchini singakhale yopanda mwini.

Masana a tsiku limenelo a Zuze analowa mu ofesi nkhope ili gwa, n'kupempha kompyuta. Ndinawasiyira mpando n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kunja. Iwo akulemba mkati, ine ndinkawerenga pa foni panja. Inali kalata yopita kwa Madamu, ndipo sindinaonepo a Zuze otero. Analemba kuti a Mhone amatenga nsomba za alendo mu filiji kupita nazo kwawo. Analemba kuti iwo akalamba pa moto wa pa lojipo koma amaonedwa ngati chiwiya. Analemba kuti Madamu amafunsa za agalu awo mu imelo iliyonse koma sanafunsepo za miyendo ya mkazi wa khukhi wawo, imene yakhala ikutupa chaka chonse. Pomaliza anati atopa, mwezi ukatha akusiya ntchito. Kachida kanga kanali katawakonzera masipelo onse bwinobwino. Patapita kanthawi zonsezo zinafufutidwa, n'kubwera kalata ina ya mizere inayi, yaulemu, yopempha masiku asanu kuti akaone manda a amayi awo. Imeneyo ndi imene anatumiza. Ndikufuna mumvetse bwino pamenepa, inu owerenga, chifukwa ndilibe pothawira. Ndinkadziwa kalata imene inapita ndi imene sinapite. Ndinkadziwanso chifukwa chake, poti mwini wake anali atandiuza ndi pakamwa pake.

Madamu anawalola. Lamulungu lotsatira titaweruka kutchalitchi, a Mhone anandiitanira bawo pakhonde pawo. Tikusewera anayamba kudandaula kuti mkulu uja wawadumpha n'kukapempha kwa Madamu, ndipo iwo aoneka ngati munthu woipa. Anati chowawa n'chakuti kalata yake ndi yaulemu ngati ya abusa, palibe pomugwira. Pamenepo pakamwa panga panayabwa. Palibe anandikakamiza, palibe anandifunsa. Ndinangofuna kuti bwana aone kuti ine ndimadziwa zimene iwo sadziwa.

"Imeneyo ndi yachiwiri," ndinatero. "Yoyamba mwaiona?"

Ndinawapatsa foni. Anawerenga mwakachetechete, anabwerezanso, ndipo atafika pa nkhani ya nsomba ndinaona khutu lawo likugwedera. Anandiuza kuti ndiwatumizire. Ndinawauza kuti kalatayo sinapite kulikonse, mkuluyo anaifufuta, ndi mmene amaziziritsira mtima. Anati akudziwa, akungofuna kuisunga kuti adziwe mmene anthu amawaganizira. Ndinatumiza. Ndinadziuza kuti ndi bwana wanga, sindingawakanire. Koma chilungamo chake n'chakuti ndinkafuna kukhala munthu wa pafupi ndi manijala, ndipo pansi pa mtima panali kamawu koipa koti a Mhone ndi akwathu, a Zuze ndi obwera. Mutu wa kampango uja sindinaukumbuke. Bawo tinamaliza, ndipo ndinapambana ine.

A Zuze anapita ku Chikwawa n'kubwera patatha masiku asanu ndendende, ali osangalala, atapepukidwa. Ananditengera kathumba ka masawu ouma, ati Kalaliki alaweko za kwathu. Mawa lake m'mawa a Mhone anawaitanitsa mu ofesi. Ine ndinali pa desiki yanga, ndipo sanandiuze kuti ndituluke. A Mhone anatulutsa pepala losindikiza n'kuyamba kuwerenga mokweza, mawu ndi mawu, kalata yoyamba ija. Nkhani ya nsomba anaiwerenga akumwetulira, chifukwa anali atafotokoza kale kwa Madamu kuti ndi bodza la munthu wokwiya. Atamaliza anati Madamu alandira kalatayi, akhumudwa kwambiri makamaka ndi mawu a agalu aja, ndipo avomera kuti a Zuze asiye ntchito mwezi ukatha monga anenera okha. Nyumba aipereke tsiku lomwelo. Mmene kalatayo inafikira kwa Madamu sananene.

A Zuze anaima chilili, chipewa chawo choyera chili m'manja. Munthu wina akanakana, akanati sindinalembe ine, ndipo pakanavuta kumutsutsa. Iwo anangoti mawuwo ndi awo. Kenako anatembenukira kwa ine, maso ali ngati a munthu amene wasochera pamsika.

"Kalaliki, iwe ndiwe umadziwa zinthuzi. Kodi chinthu ukachifufuta chingathe kupita chokha?"

A Mhone anandiyang'ana. Masawu aja anali mu dirowa, pafupi ndi bondo langa.

"Zimachitika, ada," ndinatero. "Mwina munadina molakwika."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, kuvomereza. Anayang'ana dzanja lawo lamanja kwa kanthawi, anapepesa kwa a Mhone, n'kubwerera kukhitchini kukamaliza chakudya cha alendo. Tsiku limenelo ine sindinadye. Ndinapita kuchimbudzi kawiri popanda chifukwa, kungofuna kukhala pamalo poti munthu asandione nkhope.

Patapita masiku awiri anabwera ndi kalata yopepesa kwa Madamu, yolemba pamanja. Anandipempha kuti ndiwalembere pa kompyuta ndi kutumiza ineyo, ati iwo sakufunanso kuikhudza. Ndinailemba, kachida kaja n'kuisalaza bwinobwino. Ndinali ndi mpata wonse wowonjezera mzere umodzi pansi, wonena kuti Madamu, kalata ija bambowa sanatumize, ndinaiba ndine. Ndinayang'ana sikirini mpaka maso anachita misozi, koma sindinaulembe. Madamu anayankha mwachidule kuti awakhululukira ndipo awalembera kalata yabwino yowachitira umboni, koma munthu amene ali ndi zoterozo mumtima n'kovuta kumudyera chakudya, ndiponso a Mhone apeza kale khukhi wina.

Tsiku losamuka ndinathandiza kunyamula katundu, mwina kuti ndidzinamize kuti ndine munthu. Zaka makumi awiri zinakwana m'kagalimoto kamodzi kakang'ono. Tikukweza matiresi ndinamva akazi awo, atakhala pa mpando chifukwa cha miyendo ija, akuwadzudzula motsitsa mawu. Ankati ndinkakuuzani ine kuti zamakompyutazi si za anthu akuluakulu, taonani tsopano tikupita kuti. A Zuze anangowerama n'kumamanga mtolo wa mapoto, ndipo ine ndinatembenuka n'kukanyamula mpando wina umene sunkafunika kunyamulidwa nthawi imeneyo.

Sabata yomweyo ndinachotsa kachida kaja pa kompyuta ndi mu foni, akaunti n'kuitseka. Koma madzi akatayika saoleka. Ndinapita kwa a Mhone n'kuwauza kuti mtima wanga sukundipatsa mtendere, ndikufuna kuuza Madamu zoona. Sanakalipe n'komwe. Anangondifunsa kuti kodi amene anaika chinthu chowerenga makalata a antchito pa kompyuta ya kampani ndani. Anandikumbutsa kuti pa kompyuta yomweyo alendo ena ankalowa kulemba zawo, ndipo Madamu akamva zimenezo woyamba kutuluka pageti ndine, mwinanso apolisi ali pambuyo. Anati iwo anangolandira uthenga kuchokera kwa wantchito wokhulupirika. Ndinatuluka ngati galu woviikidwa m'madzi. Ndili ndi mkazi ndi ana awiri, ndipo ndinawagwiritsa ntchito ngati chobisalira. Mpaka lero ndikugwirabe ntchito pa desiki yomweyo.

A Zuze anapeza kachipinda ka lendi kuseri kwa mashopu pa Chintheche. Munthu amene ankaphikira alendo ochokera m'maiko onse tsopano amaphika masikono m'ng'anjo ya mgolo n'kumagulitsa kwa anthu a m'maminibasi. Msinkhu wawo palibe loji ikuwafuna. Ndapitako katatu ndi cholinga chokaulula. Ulendo woyamba ndinapeza akazi awo akudwala, ndinati lero si tsiku lake. Wachiwiri panali anthu. Wachitatu panalibe chifukwa chilichonse, ndinangolephera. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Kutchalitchi ndinasiya kudya mgonero. Mkulu wa mpingo wa dera lathu wandifunsa kangapo kuti vuto n'chiyani poti palibe mlandu wanga umene unafika ku bwalo la mpingo, ine ndimangoti ndikudzikonza. A Mhone amadya, ndipo amakhala kutsogolo.

Inu owerenga, sindikunena kuti zida zokonza masipelo ndi zoipa. Zimathandiza, ndipo ine ndemwe zinandichotsa manyazi. Koma dziwani kuti chinthu sichingakonze zimene sichinawerenge. Kachida kalikonse kamene kakukuwongolerani chiganizo kawerenga chiganizocho, ndipo tina timatumiza zolembazo kutali kapena kuzisunga mu akaunti ya amene anatiika. Ngakhale kachoona masipelo ka mu bulawuza momwemo, kena kamakhala ndi mbali yoti ukaitsegula zolemba zako zimapita kukaonedwa kwina. Funso lija limabwera poika chinthu, muziliwerenga, musamangodina ngati ine. Ngati kompyuta ndi ya anthu ambiri, musaikepo kachida ka m'dzina lanu, ndipo ngati mwaika kale, auzeni anzanu lero kapena kachotseni. Inu amene mumalemba pa kompyuta ya ku ofesi kapena ya pa shopu, funsani kuti pa bulawuza paikidwa chiyani, ndipo za mumtima musalembe pamenepo. Kufufuta pa sikirini si kuwotcha pepala.

Koma ndisanamizire makina. Kachida kaja sikanapite pakhonde pa a Mhone, ndinapita ndine. Mukapezeka kuti mwaona za mnzanu zimene sanakuonetseni, tsekani maso ndi pakamwa pomwe. Munthu aliyense ali ndi mawu amene amanena mumtima akakwiya, ndipo tonse tikanati tiziweruzidwa ndi mawu amenewo palibe akanakhala pa ntchito kapena pa banja. Ndipo mukalakwa, ululani tsiku lomwelo chilonda chikadali chachiwisi. Ine ndikanayankha zoona m'mawa uja mu ofesi, mwina ntchito ikanandithera, koma bwenzi ndikugona tulo. Tsiku lililonse limene ndakhala chete bodza lija lakhala likulemera, ndipo tsopano ndi lolemera kuposa ine.

Mwezi watha a Zuze ananditumizira uthenga kuti ndikawaone. Ndinati basi amva. Ndinapita Loweruka masana nditakonzeka kuti anditukwane, ndipo kunena zoona ndinkalakalaka atatero. Ndinawapeza akupakula masikono. Anandilandira ndi manja awiri, anandikhazika pa benchi n'kundipatsa sikono yotentha. Nkhani inali yakuti amva kuti sukulu ina yogonera komweko ikufuna wophika, ndipo makalata akulandira pa imelo pokha. Anandipempha kuti ndiwalembere pa foni yanga, chifukwa chichokereni pa loji sanakhudzenso kompyuta ndipo sadzaikhudzanso. Ndinalemba iwo akunena, ndinawawerengera, n'kutumiza. Nditaimirira kuti nditsanzike, mawu anga aja ndisanawatulutse, anandigwira mkono kuti ndikhalenso pansi. Anati pali chinthu chakhala chikuwavuta nthawi yonseyi.

"Mwana wanga, iwe unataya nthawi yako kundiphunzitsa makina aja, ine n'kukachita zopusa. Ndikudziwa kuti Madamu anakuona ngati sunandiphunzitse bwino. Ndinakuchititsa manyazi pamaso pa mabwana ako. Undikhululukire."

Anali atavula chipewa, bambo wa imvi, akudikira yankho langa. Akazi awo anali pakhomo akumvetsera. Ndinatsegula pakamwa, inu owerenga, ndipo Mulungu ndi mboni kuti ndinkafuna kunena. Zimene zinatuluka ndi izi: "Palibe kanthu, ada. Zinatha zimenezo."

Anapumira m'mwamba, nkhope n'kumasuka, ndipo anandithokoza kawiri. Ndinawakhululukira a Zuze, ineyo, ndipo iwo anandiperekeza mpaka pamsewu.